Oyilo wa ku Joni ndi chigayo cha a Sulemani

Chigayo cha a Sulemani chinali pamtunda, kumadzulo kwa msewu wa tala, m'dera la Mwadzama, osati kutali ndi Benga. Injini yake inali ya dizilo, yobiriwira, yakale kuposa ana awo onse. Anaigula ku esiteti ina ya fodya imene inkatsekedwa, atagulitsa bwato ndi maukonde zimene bambo awo anawasiyira. Abale sanakondwe nazo. Koma a Sulemani nyanja inkawachititsa chizungulire kuyambira ali mwana, ndipo ankati bola fumbi la makaka a chinangwa m'mphuno kusiyana ndi mafunde a mwera.

Anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula. Pofika masana ankakhala atayera ndi ufa mpaka nsidze, ndipo asanapite kukaswali ankayamba adzikuntha ndi chipewa kuseri kwa chigayo. Banja lonse linkadya kuchokera mu injini imeneyi. Munda anali nawo waung'ono, wa chinangwa basi.

Oyilo ankasintha mwezi ukaoneka, mmene ankawerengera masiku a kusala ndi a Idi. M'mawa mwake anthu ankabwera ndi mabotolo kudzapempha oyilo wakuda wochoka mu injini. Amayi ankapaka miyendo ya nkhokwe ndi mafelemu a zitseko kuti chiswe chisadye. Eni ngolo ankathira m'mateyala. Palibe ankalipira. Anali ngati gaga wotsalira pansi, wa aliyense amene wafika.

Kenako zinthu zinasintha. Tinavota, zipani zinachuluka, anthu anayamba kulankhula momasuka m'mabasi. Kwacha nayo inamasuka, n'kuyamba kutsetsereka. A Sulemani sankatsata bwino zimene wailesi inkafotokoza. Iwo ankangoona kuti akapita ku sitolo ya ku boma, chigubu cha oyilo chomwe chija chili ndi mtengo wina. Anakweza mtengo wogayitsa kamodzi, amayi ena anabwerera ku mtondo. Sanayesenso.

Chaka chimene kwacha inagwa kwambiri m'nyengo ya mphepo, mwezi unaoneka koma a Sulemani sanapite ku boma. Anatsitsa oyilo wakale mu ndowa, anamusiya kuti matope akhale pansi, anamusefa pa chitenje chakutha, n'kumubwezera mu injini.

Mayi Asiya, a nyumba yoyandikana ndi chigayo, anafika ndi botolo lawo monga mwa nthawi zonse.

"Mwezi uno palibe, mayi," anatero a Sulemani.

"Palibe bwanji? Injini yasala kudya?"

"Yadya zomwe inalavula."

Mayi Asiya anaseka, kenako anaona kuti mwini wake sakuseka. "Ndiye nkhokwe yanga ija chiswe chichite phwando?"

"Thirani phulusa."

"Phulusa ndinkathira ndisanakudziweni," anatero mayiwo, n'kumapita botolo lili m'khwapa.

Kuyambira pamenepo a Sulemani anakhala munthu womvetsera. Wina akamawalankhula, khutu limodzi linkakhala ku injini. Ankaika chikhatho pa chitsulo ngati mmene mayi amagwirira pachipumi pa mwana. Ankasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kutikita wakudayo pakati pa zala. Anali wopyapyala, wa timichenga. Mango anayamba kupsa, kunja kunatentha, injini nayo inkatentha msanga, moti ankaizimitsa masana pamene mzere udakalipo.

Mlamu wawo Rashidi, mchimwene wa mkazi wawo Kulusumu, ankayendetsa thiraki ya kampani ina yonyamula katundu kunja. Tsiku lina anaimika pa Benga n'kubwera wapansi, atavala magalasi akuda. Analowa m'chigayo, anasolola kachitsulo kaja, anayang'ana, n'kupukusa mutu.

"Alamu, uyu ndi oyilo kapena phala la mawere?"

"Ndi amene alipo."

"Mukuipha injiniyi. Mchemwali wanga adzadya chiyani, malamba?"

"Inu a m'mathiraki oyilo amakugulirani ndi abwana. Kafunseni mtengo ku boma mumve."

Anakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango, Kulusumu atabweretsa tiyi. Rashidi anayamba kufotokoza za m'maiko mmene amadutsa. Anati ku Dar oyilo amagulitsa pamsewu ngati mafuta ophikira. Ku Beira mtengo umadalira amene wakuonetsa sitolo. Ku Joni ndiye kuli wina watsopano, amamutcha sinthetiki, wopangidwa m'fakitale, amene amakhalitsa mu injini osada msanga.

"Kumeneko ngakhale woyendetsa takisi amagula. Yemweyo ndinamuona ku Lilongwe, pa shelefu, atamutsekera m'galasi ngati wotchi. Mtengo wake mungagule mbuzi."

"Nanga n'chifukwa chiyani chinthu chimodzi chikhale ndi mitengo yambiri?" anafunsa Kulusumu.

"Chimakwera thiraki, achemwali. Pa boda iliyonse chimanenepa."

"Ngati inuyo," anatero a Sulemani, ndipo kanali koyamba kuseka m'masiku ambiri.

Rashidi analonjeza kuti ulendo wa ku Joni ukapezeka adzabweretsa chigubu chimodzi. "Insha Allah, mvula isanathe."

Lonjezo limeneli ndi limene linawamanga. Mvula inayamba, mpunga unawokedwa m'madambo, ntchito ya chigayo inachepa monga imachitira m'dzinja, pamene makaka sauma ndipo chimanga chatha m'nkhokwe. Kulusumu ananena kuti agulitse nkhuku ndi mbuzi imodzi agule oyilo wamba wa ku boma. A Sulemani anakana. Ankati n'kutaya mbuzi pachabe pamene wabwino ali m'njira. Mwezi unaoneka, anasefa. Unaonekanso wina, anasefanso. Madzi anakokolola mlatho wina pa msewu wa kunyanja, mathiraki anayamba kudzera kumtunda. Komabe iwo akamva kulira kwa galimoto yaikulu ankatuluka pakhomo la chigayo n'kuyang'ana kumsewu.

Rashidi anafika mvula ikukata, udzu utayamba kufiira nsonga. Sanakhale pansi, thiraki anaisiya ikulira. Anapereka chigubu chotuwa ngati siliva, cholembedwa Chingerezi ndi chinenero china.

"Mutsitse wakaleyo yense, mutsuke, muthire uyu yekha. Akwana ndendende. Mwamva, alamu?"

"Ndamva."

Madzulo ake a Sulemani anatsegula chigubu, anathira kadontho pa chala. Anali woyera ngati uchi. Ananunkhiza, anatseka, anakachiika m'chipinda, kuseri kwa sutikesi ya zovala za Idi.

M'mawa sanatsitse wakale uja. Anatenga kapu ya tiyi, anaidzaza theka, n'kukathira pamwamba pa wakudayo.

"Achimwene sananene choncho," anatero Kulusumu.

"Iwo akudziwa kuti adzabweranso liti? Ndikathira yense lero, mwezi wa mawa ndidzathira chiyani?"

"Amati amakhalitsa."

"Mu galimoto za ku Joni. Ino ndi nkhalamba, imadontha pansi, imatentha wina ndi utsi. Ndithire mbuzi yathunthu kuti izidonthera mu fumbi?" Anapukuta kapu ija ndi chala n'kupaka pa lamba. "Iwe pophika thobwa umathira chimera chodzaza mphika? Pang'ono pokha, phala lonse limatsekemera. Ngati ndi wamphamvu mmene akunenera, amulimbitsa mnzakeyu."

 Nkhani ya chimera inali yoona, ndipo za injini Kulusumu sankazidziwa.

Masika anafika. Ino ndi nyengo imene chigayo chimapezera chakudya cha chaka chonse. Chimanga chinauma, makaka anayera pa mathandala, amayi ankafika m'mamawa mame asanakamuke, madengu ndi matumba zitandandalikana mpaka pa mtengo wa mango. Injini inkalira kuyambira m'mawa mpaka swala ya madzulo. A Sulemani ankawonjezera theka la kapu pakapita masiku, ndipo masabata oyamba zinkaoneka ngati zikuyenda. Anauza mkazi wawo kuti mawu a injini afewa. Koma chakudya ankangochitola pang'ono, ndipo ku mzikiti Lachisanu anzawo ankaona kuti akangomaliza swala ankathamanga osapereka moni.

Linali tsiku la mphepo, mwera ukuwomba fumbi pabwalo. Ankagaya makaka a Mayi Asiya. Pansi pa kulira kwa masiku onse anamva kugogoda kwina, kochokera m'mimba mwa injini, ngati munthu akumenya chitseko ndi mwala. Anaima, thumba lili m'manja. Kugogodako kunakula. Analumpha n'kuzimitsa.

M'chigayo munangoti zii. Ufa unkatsika pang'onopang'ono m'kuwala kwa pakhomo.

"Dizilo watha?" anafunsa Mayi Asiya.

"Ayi."

"Ndiye tidikire?"

A Sulemani anayang'ana mzere wa madengu panja. "Musadikire, mayi. Auzeninso anzanuwo."

Anatumiza uthenga ku Dwangwa kwa Filipo, makaniko wa mathirakitala, amene anafika mawa lake pa minibasi ndi thumba la masipanala. Atatsegula pansi pa injini, anakumba ndi chala matope akuda, olimba ngati phula, n'kuwaonetsa.

"Njira za oyilo zonse zatsekeka, bambo. Yanoka. Mukanachedwa kuzimitsa bwenzi tikukamba za kugulitsa zitsulo."

A Sulemani analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chigubu chija. Chinali chidakali cholemera. Filipo anachitembenuza, anawerenga, analiza kakhweru.

"Uyu munali naye m'nyumba?"

"Ndimathira pang'onopang'ono."

Filipo anayang'ana nkhope ya mkuluyo n'kuwabwezera chigubu. Anati chitsulo chachikulu cha m'kati, chimene chimazunguza zonse, chadyeka, ndipo makina ochipalira ali ku Lilongwe basi. Ngati sichinang'aluke, chidzagwiranso ntchito.

Mbuzi zinagulitsidwa ziwiri. A Sulemani anakulunga chitsulocho m'chiguduli, anachinyamula paphewa mpaka kumsewu, n'kukwera nacho matola. Ku Lilongwe amisiri anachipeza chosang'aluka, koma mzere wa ntchito unali wautali, ndipo zitsulo zina zofunika ankayembekezera kuti zichokere kunja. A Sulemani anabwerera opanda kanthu, anapitanso, anabwereranso. Nthawi yonseyi amayi ankadutsa pakhomo pawo madengu ali pamutu, kupita ku chigayo cha pa Benga. Ena ankapereka moni. Ena ankadzera njira ya kuseri kuti asaonane nawo maso.

Chitsulo chitabwera, Filipo n'kuchimanga, injini inaliranso chilimwe chili pakati, nkhokwe zambiri zitatsika kale theka. Tsiku loyamba kunabwera madengu ochepa, ndipo a Sulemani anawagaya onse dzuwa lisanakwere. Sanazimitse msanga. Anaima pambali pake, chikhatho chili pa chitsulo, mutu ataupendeketsa, mpaka Kulusumu anatuluka n'kuwauza kuti dizilo akupita pachabe.