Giya Yachitatu ya Galimoto ya Bambo

Bambo anga adagwira ntchito kunjanji zaka zoposa makumi atatu. Adafika ku Bulawayo ali mnyamata kuchokera ku Ntcheu, ndipo kwawoko adabwererako kawiri kokha. Atapuma pantchito, patangotha chaka dziko limene tinkakhalalo litalandira ufulu, adagula galimoto yakale kwa mzungu wina amene ankasamukira ku Joni. Inali yotuwa, yaitali kumbuyo, yonyamula katundu wambiri. Adaiimika pakhomo pathu ku Makokoba, dera lina la mu Bulawayo.

Cholinga chawo chinali chimodzi: kukaona mlongo wawo, azakhali anga, amene anali atatsala okha pa abale awo onse. Za basi kapena sitima sankafuna kumva. "Ndidachoka wapansi," ankatero, "ndikafike ndikuyendetsa ndekha." Njira ya ku Tete inali ndi nkhondo, choncho adakonza zodzera ku Zambia.

Ine ndinali ndi banja langa ku Entumbane, mu Bulawayo momwemo, ndipo ndinali makaniko pagalaja ina yaikulu m'tauni. Anali atangondikweza kukhala folomani, udindo umene kale unali wa azungu okhaokha. Ndidavula ovolosi nkuyamba kuvala jasi loyera, ndipo ndinkadzimva.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, bambo adati ndikwere ndimve mmene galimoto ikuyendera. Giya yoyamba idalowa bwino. Polowetsa yachiwiri, idakukuta ngati munthu wotafuna mchenga. Yachitatu idalowa, koma atangochotsa phazi pamoto, chogwirira chidadumpha chokha nkubwerera pakati, injini nkulira pachabe. Adabwereza katatu, chimodzimodzi.

Titafika pakhomo adandilozera pansi pamene galimoto inkagona. Dothi linali lakuda.

"Oyilo uyu si wa injini," adatero. "Tanunkhiza. Akuchokera m'giyabokosi."

"Ndi kilatchi chabe, Baba," ndidayankha. "Ndikoka waya pang'ono, zitheratu."

Ndidakokadi wayayo, kukukuta kuja nkuchepako. Koma mumtima ndinkadziwa kuti kilatchi siichotsa giya imene yalowa kale. Vuto linali m'kati, ndipo pankafunika kutsitsa giyabokosi yonse. Kugalaja kwathu sankalola kukonzerako galimoto za achibale, ndiye kuti ndikanagona pafumbi la ku Makokoba masiku awiri, anthu opita kumowa akundiona. Lero ndikuchita manyazi kunena, koma chimene chidandigwira ndi chimenecho. Ngakhale kutsegula kachibowo kothirira oyilo kuti ndipime ndi chala, ntchito yosatenga nthawi nkomwe, sindidachite.

"Ndibwera Loweruka," ndidatero.

Loweruka lidafika, ndinali ndi ukwati wa mnzanga. Lotsatira kunali mpira. Bambo sankadandaula. Ankayendetsa m'tauni dzanja limodzi lili pachiwongolero, lina litapanikiza giya kuti isathawe. Katundu wa ulendo ankachuluka kuchipinda: mabulangete awiri, nsalu, makina osokera apamanja.

Kenaka idabwera kalata yoti azakhali akutupa miyendo. Bambo adandiwerengera, nkunena modekha kuti, "Pali mkulu wina kuseri kwa msika amakonza galimoto pansi pamtengo. Bwanji ndimpatse aione?"

Ndidapsa mtima. "Anthu adzati chiyani, Baba? Mwana wanu ndi folomani, inu nkukapereka galimoto kwa munthu wapansi pamtengo? Adzakuonongerani. Ndanena kuti ndikonza."

Adandiyang'ana, nkupinda kalata ija. "Chabwino, mwana wanga. Ndidikira."

Potuluka, amayi adanditsatira mpaka pageti. "Bambo akowa sadzakuuzanso kachiwiri," adatero. "Ukuwadziwa." Ndidavomera ndi mutu, ndikuyang'ana ngati basi ikubwera.

Mvula idayamba. Bambo adati misewu ya ku Zambia yaipa, adikira ithe. Ine ndidapuma, poona kuti ndapeza miyezi ina. Mvula isanathe idafika telegalamu. Azakhali anali atamwalira, ndipo pamene tinkaiwerenga nkuti ataikidwa kale.

Loweruka lotsatira ndidalawirira ku Makokoba ndi bokosi la zipangizo, popanda wondiitana. Ndidakweza galimoto pajeke, ndidaika zitsa, nkulowa pansi. Nditamasula nati yokhetsera, oyilo amene adatuluka sadadzaze ndi kapu yomwe. Anali wakuda, wonunkha chopserera, muli tizidutswa tachitsulo tonyezimira. Labala yotseka kumbuyo kwa giyabokosi inali itang'ambika, ndipo oyilo ankathera pamenepo pang'onopang'ono. Nditatsegula, ndidapeza kamphete kamkuwa kothandiza giya yachiwiri kulowa katadyeka mpaka kusalala. Foloko yokankha giya yachitatu inali itaperepeseka, mano a giyayo atayamba kubuntha. Zolowa m'malo mwa zonsezi ndidakazipeza tsiku lomwelo kumalo ogulitsa zitsulo za galimoto zakufa.

Bambo adatulutsa mpando nakhala pamthunzi. Nthawi zina ankadzuka kudzandigwirira pamene pakufunika manja anayi. Anthu ankadutsa, ena nkupereka moni m'Chindebele, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene adasamala zoti folomani wagona pafumbi. Pofika Lamlungu masana, ntchito inali itatha.

Tidakaiyesa pamsewu wopita ku Victoria Falls, bambo akuyendetsa. Yachiwiri idalowa mwakachetechete. Yachitatu idakhazikika. Adachotsa phazi pamoto, adapondanso, adachotsanso, giya osasuntha. Adabweza dzanja lija pachiwongolero.

"Uli ndi dzanja labwino," adatero.

Ndikanakonda akanandikalipira. Ndidati, "Baba, mvula ikatha tipite. Nditenga tchuthi, tizikasinthana kuyendetsa."

"Ndikaone ndani?" adafunsa. Adakhotetsa galimoto pamalo otakata, tidabwerera.

Sadapitenso. Mabulangete aja adapatsa mkazi wanga, makina osokera adapita kwa amayi amvano akutchalitchi. Galimoto idatha zaka zinayi ikunyamula anthu kumaliro ndi kumaukwati, osavutanso giya. Bambo adamwalira, tidawaika ku Bulawayo konkuno.

Ku Ntcheu ndidakafika ndekha pabasi, imvi zitayamba. Msuweni wanga, mwana wa azakhali, adandilandira bwino, ngakhale ana ankaseka Chichewa changa chosakanikirana ndi Chindebele. Titachoka kumanda adandionetsa malo pambali panyumba. Adati mayi ake atamva kuti mchimwene wawo abwera pagalimoto, adalamula kuti adule mtengo wa mpoza ndi kusalaza pamenepo kuti idzapeze poima.

"Kodi chidachitika nchiyani kuti malume asabwere?" adandifunsa.

"Galimoto inkavuta giya," ndidatero.

Adapukusa mutu mondimvera chisoni. "Zitsulo nzosapanganika," adatero. Kenaka adandifunsa ntchito imene ndinkagwira ku Bulawayo, ndipo ndidangoti ndidapuma kalekale.