Amayi Anachotsa Makwerero

Nandolo akauma bwino amathetheka yekha m'munda. Phokoso limenelo ndi limene ndimayamba kumva ndikakumbuka chilimwe chimene anthu a kanema anabwera kwathu ku Mbulumbuzi: the, the, makoko akung'ambika padzuwa, njere zikugwera pa masamba ouma. Bwalo lathu lonse linali mikeka yokhayokha. Tinkapuntha ndi ndodo kuyambira m'mawa, amayi nkumapeta, fumbi la makoko nkumatilowa m'khosi ndi m'khwapa mpaka thupi lonse kuyabwa. Ine ndinali mu Sitandade 4, wamiyendo yotuwa ndi pakamwa posatseka, ndipo kudandaula kwanga sikunkachepetsa mulu wa nandolo ngakhale pang'ono.

Abambo anali atamwalira dzinja la chaka chomwecho. Anatisiyira nyumba ya zidina, koma yofolera malata, omwe anagula pang'onopang'ono zaka zonse zimene ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi ku Thyolo. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndiye malo anali a amayi, ochokera kwa amayi awo, ndipo panalibe wolota kuwakhudza. Koma malata amazulika, amakwera ngolo. Mng'ono wawo wa abambo, a Dafuleni a ku Milepa, ankabwera pafupipafupi pa njinga, nkuitsamiritsa pa mtengo wa mango, nkupereka moni pakamwa maso ali padenga. Nthawi zonse nkhani inali imodzi: "Alamu, thukuta la achimwene liyenera kubwerera kwawo." Amayi ankayankha osasiya kupeta: "Nanga ana a achimwene anuwo agone pansi pa chiyani?" Amalume, omwe akanatiimirira, anali ku Joni, osamveka. Akuluakulu a mbali ziwirizi ankangokankhira mlanduwo kutsogolo, mvula ikakata, tikakolola, tikagulitsa nandolo. Koma aliyense ankadziwa, ngakhale ine mwana, kuti lata limodzi likangotsika, ena onse alitsatira, ndipo palibe mkulu amene adzawakwezenso.

Kanema anali atangofika kumene masiku amenewo. Dera lonse analipo mmodzi, mu golosale ya Che Saidi pa msewu, wakuda ndi woyera, woyendera batire ya galimoto, eriyo yake itamangidwa pansonga pa nsungwi yaitali. Chithunzi chikayamba kuchita mchenga, wina ankathamangira panja kukapotoza nsungwi, ife mkatimo tikukuwa, "Pomwepo! Iyayi, bwererani! Pomwepo!" M'chipindamo munkanunkha palafini, sopo wamtanda ndi thukuta la anthu. Sabata iliyonse, dzuwa likangolowa, kunkaonetsedwa gawo limodzi la sewero la banja lina la m'tauni. Mwamuna ankadwala, mkazi ankavutika naye, abale a mwamunayo ankangoyendera kudzawerenga mipando ndi maso. Azimayi a kwathu sankaonera mwakachetechete ayi. Ankalangiza, kutukwana, kuchenjeza mkaziyo kuti asamwe tiyi wa apongozi akewo, ngati akuwamva. Amayi okha sankapita. Ankati mavuto ali nawo awo, sangakagule a eni.

Ndiye tsiku lina minibasi yoyera inaima pa mtengo wa mango wathu. Anatsika anthu a sewero lomwe lija. Mkulu wawo anali bambo wamfupi wa kapusi yofiira, yemwe ife ana tinamutcha a Kati chifukwa cha mawu amene ankakuwa akafuna kuti ojambula aime. Anazungulira nyumba yathu, nkuyang'ana denga, nkuyang'ana phiri kuseri kwake, nkuwomba m'manja. Anauza amayi kuti m'seweromo mwamuna uja wamwalira, maliro apita kumudzi, ndiye akufuna bwalo la kumudzi kwa tsiku limodzi, ndipo adzasiya kangachepe ka sopo. Amayi anavomera. Kenako a Kati anandiyang'ana ine nkunena kuti ndili ndi nkhope yabwino ya mwana wamasiye, ndidzaima pambali pa mkazi uja nkumalira. Ndinali wamasiye kale, koma sizinandipweteke. Mawa lake sukulu yonse inali itadziwa kuti Felesiya akaoneka pa kanema, ndipo amene anaiuza ndi ine.

Tsikulo linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Anthu anadzaza mpaka m'munda mwa nandolo, ena kukwera m'mango. Mkazi wa m'sewero uja, amene tinkamulirira sabata ndi sabata, anali wamng'ono thupi, wonunkhira mafuta a m'sitolo, ndipo tinamuona ndi maso athu akuvula nsapato nkudzipaka fumbi m'mapazi. Mnyamata wina anagwira mtengo wautali wokhala ndi chinthu chaubweya kunsonga, nkumachilendewetsa pamitu pa olankhula. Mikeka yathu anayamba aichotsa, kenako nkuibwezeretsa ati ikukongoletsa chithunzi. Chimene chinatidabwitsa ndi kubwereza. Mkaziyo ankatuluka pakhomo pathu akulira, a Kati nkukuwa, iye nkusiya kulira pomwepo, kumwa madzi, kubwerera mkati, nkutulukanso akulira chimodzimodzi. Tambala wathu analira pakati pa mawu, anyamata nkumuthamangitsa mpaka kudambo. Ine anandipatsa kachidutswa ka anyezi kuti ndibise m'manja, ndidzatulutsire misozi nthawi yanga ikakwana.

Chakumasana a Kati anafotokoza chotsatira. Abale a mwamuna afika, atulutsa katundu, azula malata, ndipo mkazi wamasiye asenza kamtolo nkumapita. Azimayi anayamba kung'ung'udza kumbuyoko, wina nkufunsa mokweza, "Apite kuti, pamudzi pa amake?" A Kati anati seweroli ndi la dziko lonse, ndipo kwina zimachitikadi. Kenako anapempha amuna angapo a m'mudzimo kuti akhale abale aja. Dzanja loyamba kukwera linali la a Dafuleni. Sindinawaone pofika, koma mbiri inali itafika ku Milepa, ndipo anali pomwepo, malaya oyera, akumwetulira. A Kati atafunsa ngati pali amene ali ndi hamala, a Dafuleni anapita pa njinga yawo nkuitulutsa m'chikwama. Mundiuze inu, ndani amapita kukaonera sewero atanyamula hamala?

A Kati anatembenukira kwa amayi, omwe anali pakhonde ndi lichero lawo. "Tingozula lata limodzi lokha, mayi, tikatha tibwezera." Amayi anayang'ana a Kati, nkuyang'ana alamu awo, nkungoti, "Oho." Ine amene ndinkawadziwa ndinazindikira kuti kukubwera zina, koma anthu a m'tauni aja anayesa kuti avomera.

Makwerero anabwerekedwa kwa aneba. A Dafuleni anavula nsapato kuti asaterereke, nakwera. Kamera inawatsatira. Ine ndinaima pambali pa mkazi uja, anyezi wanga ali chire, ndikudikira chizindikiro. Kenako tinamva msomali ukutuluka m'thabwa, kwiii, kulira kwautali kolowa m'mano. Sindikuganiza kuti a Kati anawauza kuti afulumire choncho, koma hamala inali itagwira kale msomali wachiwiri.

Amayi anaika lichero pansi bwinobwino, kuti nandolo asatayike. Anamanga chitenje. Anadutsa pakati penipeni, kutsogolo kwa kamera, pansi pa chaubweya chija, nagwira makwerero ndi manja awiri nkuwakoka. Anagwa pansi, phi, fumbi kobo. Anawakwekwereza mpaka pa nkhokwe, nawagoneka, nakhalapo. A Kati anakuwa mawu awo aja mpaka kapusi kugwa. Panalibe amene ankawamvera, chifukwa maso onse anali padenga, pomwe a Dafuleni anali atayamba kuzindikira kuti malata a masana a chilimwe sapondedwa opanda nsapato. Ankanyamula phazi ili, kuponda linalo, kuyesa kukhala pansi, kudzambatuka. Mwana wina m'mango anayamba kuseka, ndipo kuseka kunagwira bwalo lonse, azimayi mpaka kugwirana mapewa. Ine sindinaseke. Ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe, chifukwa anzanga onse a kusukulu analipo.

"Mayi, ndi sewero chabe ili!" anatero a Kati, thukuta lili kamukamu.

"Sewero ndi la inuyo," anayankha amayi. "Hamalayo ndi yeniyeni, dengalo ndi lenileni, ndipo munthu ali pamwambayo ndikumudziwa ndine."

Mayi wina wa pamudzi anamunong'oneza mkazi wa m'sewero uja za mlandu wa malata athu, iye nkupita kukanong'oneza a Kati. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anatola kapusi, naikuntha fumbi, nabwera kudzanjuta pamaso pa amayi monga amachitira mwana woleredwa. Anapepesa kuti sankadziwa. Amayi sanawakalipire. Anati sewero lawo amalize, katundu atulutse ndi kubwezera momwe angafunire, koma lata lisatsike. Kenako anafunsa ngati munthuyo amujambula ali pamwamba ndi hamala yake. A Kati atavomera, amayi anati, "Musamufufute ameneyo. Aoneke nkhope." Atatero anakweza mawu osadzuka pomwe anakhala: "Alamu, khomani msomali wangawo, mutsike." A Dafuleni anayesa kulankhula za ulemu, za achimwene awo, koma mapazi sanawalole kutalikitsa. Tinamva kho, kho, kho. Apo mpamene makwerero anabwerera pakhoma.

Nthawi inali itatha. Dzuwa linapendeka, mithunzi inasintha, ndipo a Kati anati mbali ya mwana wolira aisiya. Ndinataya anyezi uja nkulira kulira kwenikweni kuseri kwa bafa, popanda wojambula. Madzulo amenewo ndinakana kudya, ndipo ndinauza amayi kuti andichititsa manyazi, sadziwa kusiyanitsa sewero ndi zenizeni. Anandiyang'ana nkuti ndikamaliza kulira ndikalowetse mikeka, kukubwera mame.

Gawolo linaonetsedwa mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri, nandolo tonse titagulitsa. Mu golosale ya Che Saidi munalibe poponda. Ena anaima pa mawindo, ena anakwera pa matumba a mchere mpaka mwini sitolo kuwatsitsa. Ndipo kwa nthawi yoyamba amayi anabwera. Anavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi, naima kumbuyo pafupi ndi chitseko, manja atapinda pachifuwa. Nyumba yathu itaoneka, anthu anakuwa. Inaoneka yaing'ono, yotuwa, ngati ya eni. Mkazi uja anatuluka akulira, amuna anatulutsa mipando yathu ndi mtondo wathu. Ine ndinaoneka chigongono chokha, m'mphepete mwa chithunzi, ndipo nkuzimiririka.

Kenako nkhope ya a Dafuleni inadzaza galasi lonse. A Kati anasunga mawu awo. Kuvinavina kwa padenga kuja anakuchotsa, amayinso anawachotseratu, koma anasiya munthu akukwera makwerero, akugwada pa malata, akulowetsa hamala pansi pa msomali lilime lili panja, maso akuwala ndi chimwemwe chimene palibe akanamuphunzitsa. "Dafuleni uyo!" anakuwa wina. Gogo wina amene anakhala kutsogolo analavulira pansi nkuloza galasi ndi chala, "Wakuba iwe, ulibe manyazi!" Mphunzitsi wina anayesa kukumbutsa anthu kuti ndi sewero, koma mayi wogulitsa zitumbuwa anamudula: "Sewero lanji? Si malata a malemu amenewo?" Chipinda chonse chinasanduka bwalo la milandu, ndipo mathero a gawolo palibe anawamva. Amayi anandigwira paphewa. "Tiye, ndaona chimene ndinadzera."

Ku Milepa nakonso kunali kanema, ndipo anaonera. Sipanathe sabata ana anali atayamba kuwathamangira a Dafuleni pamsika akuimba kuti azulamalata adutsa. Kutchalitchi kwawo anawaitana akuluampingo. Akuluakulu a mlandu aja, omwe chaka chonse analibe tsiku, mwadzidzidzi analipeza, koma a Dafuleni anatumiza uthenga kuti akudwala mutu. Njinga yawo sinatsamirenso pa mtengo wa mango wathu. Mvula yoyamba inapeza denga lonse lili m'malo, ndipo ndikukumbuka amayi ataima pakati pa nyumba, akuyang'ana m'mwamba pomwe panazulidwa msomali paja, mpaka atatsimikiza kuti sipakudontha.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti amayi ndi munthu wakumudzi amene anaona sewero nkuliyesa zoona, ndipo kuti anandilanda mwayi wanga umodzi wokha. Lero ndili ndi denga langa ndi ana anga pansi pake, ndipo ndikunenetsa kuti pa bwalo lonse lija iwo okha ndi amene ankadziwa pomwe sewero linathera. A Kati sanali munthu woipa, nkhani yawonso sinali yabodza. Inali yoona mpaka inawapeza pa bwalo ili ndi hamala m'chikwama. Amayi analibe mlongo pafupi, analibe mkulu wowamvera, ndiye mboni imene inabwera yokha pa minibasi anaigwiritsa ntchito. Anzanga kusukulu ananditcha Chigongono mpaka Khirisimasi, ena mpaka lero akandiona pamaliro amanditchabe. Aziseka. Dzinja lonse lija ine ndinkagona pouma.