Umboni wa a Kalipentala

Anthu a mumsewu wawo ankangowatchula kuti a Kalipentala. Anayamba kupala matabwa ali mnyamata, ndipo matenda a mphumu anakula nawo. Akangotsegula shedi m'mawa, utuchi unkawalonjera: kuyetsemula kosalekeza, maso psuu, mamina ngati madzi. Chifuwa chikayamba kulira ngati wezulo, ankatulutsa kampope kamene anawapatsa kuchipatala, n'kupopera m'kamwa, n'kubwerera pa benchi. Sanali munthu wodandaula.

Zinthu zinasintha akazi awo atalowa gulu logulitsa makapisozi a m'mabotolo obiriwira. Pabotolopo analemba kuti ndi owonjezera zakudya m'thupi ndiponso olimbitsa chitetezo. Mayiwo anali atakhala pakhomo zaka zambiri popanda chochita chawochawo. Tsopano anayamba kutchena, kuyenda ndi chikwama, kuseka mokweza. Amuna awo anakondwera nazo, ndipo makapisoziwo ankameza mosadumphitsa. Inali nyengo ya mvula, fumbi litagona, choncho chifuwa chinapepukadi.

"Mwaona, bambo? Mwachira," anatero mayiwo. "Loweruka mukanene zimenezi ku msonkhano wathu."

"Ine kulankhula pagulu, mayi? Paja ngakhale pa ukwati wathu munachita kunditsina kuti ndiyankhe."

"Mukangoti kampope munasiya. Basi."

Anakanena. Anthu anawomba m'manja, mabotolo anagulidwa, ndipo mkulu wa gululo anaika mayiwo pampando wakutsogolo. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse a Kalipentala ankavala jekete kukaimirira ngati umboni.

Mvula itatha, fumbi linabwerera, chifuwa nacho chinabwerera. Iwo sanauze munthu. Kampope ankakasunga m'bokosi la zida, pansi pa matchizulo, ndipo Loweruka ankakabisa m'sokosi. Kunyumba zikavuta ankalowa m'bafa, n'kutsegula mpopi kuti phokoso la madzi liphimbe. Ankadziuza kuti bodza lawolo silikupweteka munthu wina koma iwo okha.

Loweruka lina atangomaliza kulankhula, mayi wina wachilendo anawapeza pakhomo la holo atagwira kamtsikana padzanja. Kamwanako kanali kowonda, mapewa atakwera m'mwamba, kakupumira kukamwa. A Kalipentala anamva kupumako asanakayang'ane n'komwe.

"Bambo, mwandilimbitsa mtima," anatero mlendoyo. "Wangayu naye ali ndi mphumu. Ndagula mabotolo. Ndiye kampope ndimusiyitse lero lomwe, kapena ayambe wamwa kaye?"

Akazi awo anali pambali pomwepo akumwetulira, pamodzi ndi mkulu wa gulu ndi anzawo ena. A Kalipentala anawerama, nakweza buluku, natulutsa kampope m'sokosi.

"Musamusiyitse, mayi. Kanga ndi aka. Ndapopera m'mawa uno. Mabotolowo mukawafunse achipatala."

Mkulu uja anangotembenuka n'kulowa m'holo, anzawo aja n'kumutsatira.

Pobwerera kunyumba, akazi awo aja anayenda patsogolo, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Atafika pa geti anaima osacheuka.

"Munayambiranso liti?"

"Mvula itangotha."

"Miyezi yonseyi mukubanika m'nyumba mwanga, ine n'kumakuombererani m'manja?" Mawu awo anali otsika. "Mukanandiuza kuno, bambo. Osati pamaso pa anthu."

A Kalipentala anafuna kuyankha kuti ankaopa kuwalanda chinthu chokhacho chimene chinawasangalatsa, koma anaona kuti awalanda kale. Loweruka lotsatira mayiwo sanatuluke, ndipo amuna awo anapita kushedi kukapala matabwa.