Nyimbo Zopanda Woimba

Ndakonza injini za maboti zaka zambiri, mpaka makutu anga anayamba kulira osaleka. Ndinasowa mtendere.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku loji, anandiikira m'foni nyimbo zatsopano zopangidwa pa kompyuta. Akuti tekino. Ndinadikira woimba mpaka nyimbo yoyamba inatha.

"Woimbayo watsika basi ku Namwera, osafika kuno?" ndinamufunsa.

"Mulibe woimba, ababa. Mverani ngati mukuyesa injini."

Ndinamveradi choncho. Pansi pankagunda mofanana, osaphonya ngakhale kamodzi. Pamwamba pankadutsa kaphokoso kofewa ngati mwera ukadali kutali. Nyimbo ili mkati, ndinazindikira kuti kulira kwa m'makutu kuja sindikukumvanso.

Amene anamanga nyimbozi ntchito yake amaidziwa. Masana ndikasamba m'manja kuchotsa girizi, ndimakhala pansi n'kuziyatsa.