Pempho Langa pa Milu Itatu

Ndimaphunzitsa makompyuta ku Cuamba, koma kwathu ndi ku Ngauma, ndipo mpingo wanga uli komweko. Pali chinenero china cholembera mapulogalamu chimene ndinachikonda kalekale. Chimenecho suchilamula. Umachiuza zoona zimene ukudziwa, monga kuti uje ndi mwana wa uje, nkuchipatsa malamulo, monga lakuti ana a mayi mmodzi ndi abale. Ukachifunsa funso chimayankha inde kapena ayi.

Mkulu wa mpingo wathu atamva zimenezi anandipatsa buku la mabanja kuti ndililowetse m'kompyuta, tiziona msanga ngati ofuna kukwatirana ali pachibale. Awiri ena atabwera kudzalembetsa ukwati ndinafunsa makinawo, ndipo anati ayi, si abale. Lamlungu lolengeza ukwatiwo, azakhali a mkwatibwi anaimirira. Agogo aakazi a awiriwo anali a mimba imodzi, koma mmodzi anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, dzina lake silinalowe m'buku. Ukwati unathera pomwepo, mkwatibwi akulira pamaso pa mpingo wonse.

"Aphunzitsi," anatero mkuluyo titatuluka, "makina anuwa anabatizidwa?"

"Ayi, bambo."

"Ndaona. Umboni wonama sauopa."

Ndinafotokoza kuti makinawo sananame dala. Chilichonse chimene sangathe kuchitsimikiza amangoti ayi.

"Ndiye bodzalo limenelo," anatero. "Ngakhale ine wosaphunzirane ndimatha kunena kuti sindikudziwa."

Chinenerocho chimasamalidwa ndi anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo timakumana pa intaneti. Aliyense amaloledwa kulemba pempho la chimene akufuna kuti chiwonjezedwe. Ine ndinalemba langa sabata yomweyo: pakhale yankho lachitatu, lakuti sindikudziwa, loti lizibwera lokha pamene zoona zaperewera.

Patapita miyezi, oyang'anira chinenerocho anafuna munthu woti asanje mapempho onse, poti anali ataunjikana ngati fodya wosasankhidwa. Ndinadzipereka. Anati ndiwaike pa milu itatu: zochita tsopano, zamtsogolo, ndi zokanidwa. Muyeso anandipatsa: ndione kuchuluka kwa amene alivomereza, ndi kulemera kwa ntchito yake. Mapempho ofanana ndinkawaphatikiza. Ambiri ankafuna kuti chinenerocho chiziyankha mofulumira, ena ankafuna kuti chizifotokoza bwino pulogalamu ikalakwika. Ntchito inkayenda, mpaka ndinafika pa langa. Olivomereza anali awiri okha, ndipo kulichita kunafuna kugwedeza maziko enieni. Mwa muyesowo, mulu woyamba silikanaukhudza. Koma palibe amene ankandiyang'anira, ndipo zimene ndikanatumiza ndi zimene akanatsatira chaka chimenecho.

Lolemba ndinaliika pa mulu woyamba. Lachiwiri ndinalichotsa. Lachitatu ndili pakati pophunzitsa ndinasiya ophunzira akulemba, nkupita kukalibwezeranso. Malemba amadana ndi munthu wosunga miyeso iwiri m'thumba limodzi, waukulu ndi waung'ono, zimenezo ndinkazidziwa. Koma Malemba omwewo salekerera munthu wodziwa chabwino amene sachichita, ndipo ine ndinali nditaona ndi maso anga chimene ayi wabodza amachita. Amene ankafuna liwiro anali asanaimepo m'tchalitchi muja. Ndikagwada kuti ndipemphere ndinkapezeka ndikumuuza Mulungu zifukwa zanga m'malo momumvera.

"Bambo a ana," anatero mkazi wanga Lachinayi, ataona ndikuzungulira pakhonde, "mwataya chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye khalani pansi, simenti ingathe."

Lachisanu linali tsiku lotumiza. Popita kwathu ndinakwera chapa, minibasi ya ku Mandimba, mndandanda uli m'foni, pempho langa lili pa mulu woyamba. Njira yonse ndinkangotsegula nkutseka. Ku Mandimba, ndikudikira galimoto ya ku Ngauma, foni inkagwira bwino, ndipo sipanatsale chonamizira. Pempho langalo ndinalichotsa pa milu yonse itatu. Ndinalembera oyang'anira kuti pempho limodzi ndi langa, ndaliika pamwamba kangapo sabata ino popanda muyeso wolola, choncho aliweruze wina. Ndinasimba ndi nkhani ya ukwati uja yomwe, osatchula mayina. Ndinatumiza, wamagalimoto akundikuwira kuti malo atha.

Analipereka kwa mayi wina wa kudziko lakutali amene sindinamuonepo nkhope. Anayankha patapita masiku anayi. Anati vutolo ndi lenileni ndipo nkhaniyo yamumvetsa chisoni, koma ntchito yake ndi yaikulu ndipo palibe amene wadzipereka kuigwira. Analiika pa zamtsogolo.

Lili pomwepo mpaka lero. Ndinkayesa kuti ndikachita chilungamo mtima ukhala pansi, koma sunakhale. M'mawa uliwonse ndikatseka Baibulo ndimatsegula mndandanda uja kuti ndione ngati pali wina wavomereza. Tsopano alipo atatu.