Mpanda wa Ometa

"Umenewu ndi mpanda kapena mutu wa kasitomala? Tandiyankhani, bambo a mwana!" Akazi awo a Ometa anakalipa ataimirira m'kadimba kawo ka ndiwo zamasamba, komwe nkhuku za aneba zinali zitapalasa mpaka kusiya dothi lokhalokha.

Ometa anangogwira m'chiuno. Bambo amenewa musawaone kufatsa. Anayamba kugwira sizasi ndevu zisanamere, ndipo mumsewu monsemo mulibe mutu umene sunadutse m'manja mwawo. Amaima tsiku lonse m'kashopu ka galasi long'aluka, chipeso m'thumba la shati, mpaka msana unachita kupindika. Vuto lawo ndi limodzi: akaona kanthu katatuluka pamzere, dzanja limawayabwa.

Mpanda wa zitsambawo anadzala okha mvula itangoyamba, kuti nkhuku zileke kulowa m'dimbamo. Wogulitsa mbande anangowauza kuti, "Muzidulira pafupipafupi, zikula bwino." Basi. Mawu amenewo n'kuuza munthu wometa? Kanthambi kakangophuka m'munsi, iwo sizasi. M'mbali kupala psiti, pamwamba kusiya chathyathyathya ngati tebulo, mmene amametera anyamata. Odutsa ankaima n'kumayamikira kuwongoka kwake. Koma zitsambazo zinangokula miyendo yokhayokha, ndipo nkhuku zinkadutsa pansi osawerama n'komwe, tambala ali patsogolo.

Tsiku limenelo shopu sanatsegule. Analunjika kwa wogulitsa mbande uja, namupeza akuthirira.

"Achimwene, zitsamba zanu zija zavula buluku."

Atamva nkhani yonse, mkuluyo anaseka mpaka kuika keni pansi. "Aa, madala, mwameta chozondoka! Mpanda umafunika kunenepa m'munsi, kuwonda pamwamba, kuti dzuwa lizifika pansi. Kaduleni zonse zilekeze m'mawondo, ziyambirenso. Chaka chamawa mudzandithokoza."

Chaka chamawa! Ndiye kuti nkhuku zidye chaka china, iwo azigona atafulatiridwa? Munthu anachita ndendende zimene anauzidwa, ndi luso limene ali nalo, lero wolakwa akhale iye? Ometa ofatsa aja anatola keni ija n'kuikumbatira pachifuwa.

"Keniyi mukaitengera kwathu. Za dzuwazo munazisunga kuti tsiku lija? Valani nsapato, tiyeni. Mayi a mwana akudikira yankho m'dimba, ndipo mukawayankha ndinu."