Mawu a Clifford Kumapeto kwa Chimbale

Glenys Furniss anayamba ntchito akadali mtsikana, m'fakitale yopukuta masipuni ndi mafoloko kwathu kuno ku Sheffield. Akazi a ntchito imeneyo ankaweruka nkhope zili bii, tsitsi atalikulunga m'kansalu kofiira, ndipo amuna ankawapatukira panjira. Sankathawa litsiro ayi, ankathawa pakamwa pawo. Glenys anaphunzira zonse ziwiri, kupukuta ndi kuyankha. Fakitaleyo inatsekedwa kalekale, koma pakamwa pake palibe anapatseka.

Anakwatiwa ndi Clifford, amene ankagwira ntchito ya usiku pa ng'anjo zosungunulira zitsulo n'kumagona masana. Mphatso ya ana sanakhale nayo. Nyumba yawo inali imodzi mwa zija zolumikizana mumzere, khoma limodzi mabanja awiri, zoti mnzako akayetsemula kwawo umamupepesa uli kwanu. Kuseri kwa khomalo kunkakhala mayi wina wamasiye ndi mwana wake, Nigel Staniforth. Mwanayu ali wamng'ono mphuno yake sinkauma, choncho msewu wonse unkamutchula kuti Mamina.

Clifford ankamukonda mwanayo mosaonetsera. Mwanayo atamaliza sukulu, Clifford anakamupezera malo ku ng'anjo, koma Nigel anakana. M'malo mwake anadzipaka zakuda m'maso, anameta mbali imodzi ya mutu, n'kubweretsa anzake awiri ndi makina oimbira amagetsi okhala ngati limba, olira ngati njuchi yotsekeredwa m'chitini. Kuchokera pamenepo Clifford anasiya kumutchula kuti iwe. Kwathu kuno iwe sitimwaza chisawawa, timapatsa wathu yekha. Akakumana pakhomo Clifford ankangoti, "Mwadzuka bwanji, a Staniforth," n'kudutsa. Mnyamatayo akanasankha, bwenzi atasankha kumenyedwa khofi.

M'chaka cha 1981, ng'anjo zikuzima imodzi ndi imodzi, anyamatawo anajambula nyimbo zawo pa tepi m'chipinda cha Nigel. Masana ena, nyimbo yomaliza ikungotha kumene, Clifford anamenya khoma ndi nsapato.

"Iwe Mamina! Zimitsa chimakina chakocho, anthu akugona!"

Kenaka mawu omwewo anabweranso, motsika.

"Koma yachiwiri ija inali bwinoko."

Tepi inali ikuzungulirabe, ndipo anyamatawo sanafufute. Kampani ina ya ku London itatulutsa chimbale choyamba cha gulu lawo, Glass Tram, Clifford anali momwemo kumapeto, nsapato, kukuwa ndi zonse. Glenys anagula chimodzi. Clifford ankati alibe nthawi yomvera phokoso la ana, koma Glenys akamabwera kuchokera kuntchito ankapeza makina oimbira chimbale ali ofunda.

Gululo linatchuka. Nigel anasamukira ku London, anadzitcha Adrian Sable, ndipo pa wailesi ankalankhula ngati sanaonepo utsi wa fakitale. Clifford anadwala chifuwa, monga ankachitira amuna ambiri a ku ng'anjo, n'kumwalira. Analibe chizolowezi choima patsogolo pa makina alionse ojambula, choncho mawu ake onse amene anatsala padziko anali aja a pakhoma.

Ma CD atafika, chimbalecho anachitulutsanso. Glenys anagula CD ndi makina ake omwe, poganiza kuti amumva mwamuna wake bwinobwino. Nyimbo yomaliza inatha, ndipo panalibe kanthu. Anadikira. Panalibe nsapato, panalibe Clifford. Patapita zaka anachitulutsa kachitatu, ndi zithunzi ndi nyimbo zowonjezera, koma Clifford munalibe.

"Munthu mmodzi amuika m'manda katatu," anatero Glenys m'sitolo yogulitsa nyimbo, mokweza kuti onse amve, n'kubweza CD yo pa kauntala.

Chimbale chake chakale chija anachiimba mpaka chinaperepeseka. Clifford anayamba kumveka ngati munthu wolankhula kuseri kwa chiwaya cha mafuta otentha. Glenys anachepetsa kuchiimba, kuopa kumumaliza.

Koma anali ndi chinthu china. Mayi ake a Nigel atamwalira, Nigel sanabwere kudzasankha katundu, anangotuma anthu odzachotsa. Iwo anaponya zonse m'chibini chachikulu pamsewu, mvula ikugwa. Glenys anaona kabokosi kaphanthiphanthi pamwamba pa matiresi, anakwera pampando n'kukatola. Munali tepi ija ya m'chipinda. Analibe makina oiimbira. Anangoisunga m'kabati, pambali pa nsapato za Clifford.

Chimbalecho chitatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi anayi, a kampani anafuna kuchitulutsanso, koma anapeza kuti tepi yawo inasochera kalekale. Mmodzi wa anzake a Nigel aja, amene anabwerera kuno n'kumayendetsa basi, anaulula kumene kunali inayo.

Nigel anafika masana ena a mvula, ali ndi dazi pansi pa chipewa ndi magalasi akuda kumaso.

"Mayi Furniss, mwakhala bwanji?"

"Ndakhala pampando, a Sable. Lowani. Magalasiwo vulani, dzuwa kuno linatsekedwa pamodzi ndi mafakitale."

Glenys anamulozera mpando, koma ketulo sanaike pamoto. Kwathu kuno ngakhale wodzadula magetsi amamwa tiyi. Nigel anayang'ana ketuloyo ndipo anamva.

"Ndamva kuti muli ndi tepi yanga," anatero.

"Yanu inali m'bini. Iyi ndi ya amene anaitola."

"Chabwino. Mukufuna chiyani kuti mundipatse?"

"Clifford abwerere."

Nigel anapukuta magalasi ake nthawi yaitali. "Zimenezo taganiza kale. Ulendo uno titulutsa zimbale zitatu m'bokosi limodzi. Chachitatu ndi cha zotsalira. Tiwaika mmenemo, ndi dzina lawo lomwe."

"Zotsalira? Mwamuna wanga ndi makombo?" Glenys anagunda tebulo ndi chala. "Anakuwa kumapeto kwa nyimbo. Abwerere kumapeto kwa nyimbo."

"Ndiye tingochotsapo liwu limodzi."

"Liti?"

"Mukulidziwa."

"Ndakalamba, a Sable. Tandikumbutsani."

Nigel anayang'ana khoma, lomwe lija, lokhala ndi penti ina tsopano.

"Inu simudziwa," anatero. "Atolankhani anandinyaza nalo zaka zambirimbiri. Ndikakwera pa nsanja ku Germany, wina kumbuyo akukuwa dzina limenelo. Ndinachoka mumsewu uno kuti ndisiye kukhala mwana uja. Ndine amene ndinawauza kuti adule, osati kampani. Ndipo sindikupepesa."

"Ndinadziwa kuti ndinu. A ku London akanadula nsapato, n'kusiya mawu." Glenys anapinda manja. "Munthu uja anakhala zaka ziwiri akukutchulani a Staniforth. Tsiku limenelo anakutchulani iwe. Ndiye mukachotsa Mamina, iwe ameneyo akhala wa ndani? Wa khoma?"

"Nyimbo ndi zanga, mayi Furniss. Kampani ili ndi maloya."

"Abwere, ndiwaonetsa pomwe pali ketulo." Anadzuka pang'onopang'ono, chifukwa mawondo anali atayamba kumukana, n'kupita kuchipinda. Anabwera ndi kabokosi kaja, ndipo sanakaike patebulo. Anakaima nako pa sinki, pomwe panali madzi otsukira mbale a thovu. "Ndamva kuti tepi imaopa madzi. N'zoona?"

Nigel anaimirira. "Mukaiwononga, Clifford naye wapita. Chimbale chanu chija ndikudziwa kuti chinatha."

Zimenezo Glenys ankazidziwa kuposa iye. M'kabokosi mmenemo ndi mmene munatsala Clifford womveka bwino, amene iye sanamumve kwa zaka zonsezi.

"Bola apite wathunthu," anatero, "kusiyana n'kuti mumudule lilime ine ndikuona."

Apa ndi pamene Chingelezi cha ku London chinamuthawa Nigel. Chimene chinatuluka chinali cha mumsewu muno, chokhakhala, chomeza theka la mawu.

"Iwe ndiwe nkhalamba youma mutu! Unali chomwechi kuyambira kale! Taika pansi chinthucho!"

Glenys anatembenuka ngati ali pa fakitale.

"Usandinene iwe, ine ndisanakunene iwe! Anakulera ndani?"

Amenewo ndi mawu amene mwana aliyense wa kuno anadzudzulidwapo nawo. Vuto lake ndi limodzi: sungawanene kwa munthu popanda kumupatsa iwe yemweyo. Glenys anazindikira atamaliza kale. Nigel naye anazindikira.

Nigel anayamba kuseka, koma kusekako sikunayende bwino. Anakhala pansi, chipewa chinagwa, maso anafiira, ndipo mphuno yake inayamba ntchito yake yakale.

Glenys anamuponyera kansalu kopukutira mbale.

"Pukuta mphunoyo. Zaka makumi asanu ndi limodzi, sunaphunzirebe kuyenda ndi mpango."

"Zonse, anti?" anafunsa Nigel m'kansalumo.

"Zonse."

"Ndi Mamina yemwe?"

"Makamaka Mamina."

Pamenepo ndiye anaika ketulo pamoto, ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo silinasiye kabokosi. Nigel atatambasula lake kuti alandire, Glenys anakakankhira m'khwapa.

"Unaitaya kamodzi. Kumene ikupitako ndipita nayo ndekha."

Anapitadi. Anakwera sitima ya ku London atavala jasi yake ya kumaliro, chikwama chili pamiyendo, ndipo sanachisiye ngakhale popita kuchimbudzi. Ku situdiyo anakana mpando wofewa wa panja. Anakhala pafupi ndi makina, maso pa tepi. Nyimbo yomaliza itatha, nsapato inagunda khoma, ndipo Clifford analowa m'chipindamo ngati munthu wamoyo, mpaka kupuma kwake kunamveka. Glenys sanalire. Anangoti, "Anali ndi chimfine tsiku limenelo. Ndinali nditaiwala." A ku situdiyo atamaliza kuikopera, Glenys anatenga tepi yake n'kubwerera nayo kwawo.

Bokosi la zimbale zitatu linatuluka, Clifford ali pamalo pake. Atolankhani analitolanso dzina lija, monga Nigel ananenera. Wina atamufunsa pa wailesi, anayankha m'chilankhulidwe cha kuno kuti, "Ndi langa. Anandipatsa ndi anthu akwathu."

Glenys akadali m'nyumba yomweyo. Zimbale ziwiri zinazo sanazitsegule n'komwe. Choyambacho amachiimba masana, mokweza, chifukwa makutu nawo ayamba kumukana. Kuseri kwa khoma tsopano kumakhala namwino wina wogwira ntchito ya usiku. Tsiku lina namwinoyo anatopa nazo, anamenya khoma nyimbo yomaliza ili pakati.

Glenys sanachepetse. Anayandikira khomalo n'kukuwa.

"Dikirani pang'ono, amama! Akubwera wokunenerani!"

Nyimbo inatha. Clifford anakuwa kuti anthu akugona. Glenys anamusiya amalize za yachiwiri ija, kenaka anazimitsa.